Kenny Rogers wa m'bandi ya First Edition kapena Kenny Rogers woimba yekha: muike uti mu memori?

Mwezi wathawu malume anga ananditumizira memori khadi ya m'kawailesi kawo kuti ndiwaikiremo nyimbo za Kenny Rogers. Ndinaika zomwe ndinali nazo mu kompyuta n'kuwabwezera. Patangotha masiku awiri foni inalira.

"Mphwanga, Ruby amene wandiikirayu si yemwe ndimamudziwa ine. Mawu ndi a Kenny inde, koma akumveka ngati mnyamata, ndipo ng'omazi si zija za pa kaseti yanga."

Ndinayesa kuwatsutsa, iwo n'kukakamira pomwepo. Makutu awo sanawanamize. Nyimbo ya "Ruby, Don't Take Your Love to Town" Kenny anaijambula koyamba mu 1969 ali m'bandi yotchedwa The First Edition, kenako anadzaijambulanso ali yekha bandiyo itatha. Malume anakulira pa yachiwiriyo, ine ndinawapatsa yoyamba.

Ambirife kuno kwathu timadziwa Kenny wa ndevu za imvi, yemwe dzina lake timalitchulira limodzi ndi la Don Williams, Dolly Parton ndi Jim Reeves. Ochepa ndi amene amadziwa kuti bambo ameneyu anatha zaka pafupifupi 9 ali m'bandi, tsitsi lili lalitali, ndolo ili pakhutu, atavala magalasi ofiirira, akuimba besi. Ndiye kwa inu anzanga amene mumapita kokabenetsa nyimbo, kapena mumadawuniloda nokha ndi bandulo yowerengeka, ndati ndikuyalireni mmene nyimbo zake zilili. Ine ndimaziona ngati milu itatu ya pamsika. Pali mulu wa bandi, kuyambira 1967 mpaka 1976. Pali mulu wa zaka zoyamba ali yekha ku Nashville, mzinda wa nyimbo za country ku America, ndi pulojusa Larry Butler, 1976 mpaka 1980. Ndiye pali mulu wa kuyambira 1980 kupita m'tsogolo. Ndinene poyera kuti mtima wanga uli pa mulu woyamba, koma sindikubisirani pamene winawo ukuuposa.

Kenny anabadwira ku Houston, m'chigawo cha Texas, mu 1938, ndipo sanayambire pa country ayi. Ankaimba besi m'kagulu ka jazi ka Bobby Doyle, ndipo mu 1966 analowa gulu lalikulu la New Christy Minstrels. Mmenemo ndi momwe anakumana ndi Mike Settle, Terry Williams ndi Thelma Camacho. Anayiwa ankafuna kujambula nyimbo zatsopano, makamaka zopeka Settle, koma eni gulu sanazilabadire. Mu 1967 anatuluka onse anayi n'kuitana woimba ng'oma Mickey Jones, yemwe chaka cham'mbuyocho anali atazungulira maiko ndi Bob Dylan. Kampani ya Reprise, yomwe anaiyambitsa Frank Sinatra, ndi imene inawalandira, ndipo Ken Kragen ndiye ankawayendetsera zinthu.

Chofunika kumvetsa apa n'chakuti poyamba Kenny sanali mwini bandi. Anali wamkulu pa onse m'zaka, koma wopeka nyimbo wamkulu anali Settle, ndipo maikolofoni ankasinthana. Nyimbo ina atsogolera Settle, ina Thelma, ina Terry, ina Kenny. Mukamamvera zimbale zawo zoyamba mumamva anthu anayi akulukana mawu ngati kwaya yaing'ono, aliyense ali ndi malo ake. Ichi ndi chinthu chomwe mulu wachiwiri ndi wachitatu ulibe. Kumeneko oyankha kumbuyo alipo, koma ndi anthu olembedwa ganyu ya tsiku limenelo mu situdiyo, ntchito yawo ndi kuyalira Kenny mphasa basi.

Nyimbo yoyamba kuwatchukitsa inali "Just Dropped In", yopeka Mickey Newbury, ndipo inafika pa nambala 5 pa Billboard, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America, kumayambiriro kwa 1968. Ndikuchenjezeni: iyi si country ngakhale pang'ono. Ndi rock ya nthawi imeneyo, imayamba ndi gitala yoseweredwa chobwerera m'mbuyo, ndipo nkhani yake ndi ya munthu amene mutu wasokonezeka ndi mankhwala ozunguza bongo. Mukawaikira bambo anu amene amakonda Jim Reeves, aidumpha isanafike ndi pakati pomwe. Koma inali nthawi yoyamba dziko kumva mawu a Kenny aja osasa pang'ono ali kutsogolo, ndipo kuyambira pamenepo zinthu m'bandi zinayamba kupendekera kwa iye.

Chaka cha 1969 ndi chimene ine ndimachitenga ngati pachimake. Kunatchuka "But You Know I Love You" ya Mike Settle, nyimbo ya woimba amene ntchito yamutengera kutali ndi banja lake. Kuti muone kuti Settle anali mmisiri, nyimbo yomweyi Dolly Parton anadzaiimba mu 1981 n'kufika nayo pa nambala 1 pa mndandanda wa country. Kenako kunabwera Ruby. Anaipeka ndi Mel Tillis, ndipo ena anali ataiimba kale, monga Johnny Darrell mu 1967, koma ya First Edition ndi imene inagwira dziko: nambala 6 ku America, nambala 2 ku Britain. Ndi nkhani ya msilikali amene wabwera kunkhondo miyendo itafa, akuyang'ana mkazi wake akudzikongoletsa madzulo kuti apite kutauni. Nthawi imeneyo nkhondo ya ku Vietnam inali itafika povuta, anyamata akubwerera kwawo ali pa njinga za olumala, ndiye aliyense womva ankaona m'bale wake m'nyimboyo.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi malume. Mu Ruby wa 1969 Kenny saimba mokweza, amakhala ngati akudzilankhulira yekha m'chipinda cha mdima, ndipo ng'oma za Mickey Jones zimangoyenda pansipansi osapuma, ngati mapazi a munthu amene akuchoka ndipo satembenuka. Mulibe zokometsera zambiri. Ukamamvera umachita mantha pang'ono, chifukwa mwamuna wa m'nyimboyo sali chabe wachisoni, alinso ndi mkwiyo woopsa. Mu Ruby wachiwiri zonse zili m'malo mwake, mawu a Kenny akhwima, kajambulidwe n'koyera, koma ine ndimamva munthu amene akuimba nyimbo yomwe waiimba kambirimbiri ndipo akudziwa kale pamene anthu aombere m'manja. Woyamba uja akumva ululu, wachiwiriyu akufotokoza za ululu.

Ruby yemweyo ndi amene anasintha dzina la bandi. Kuyambira pa nyimboyi anayamba kutchedwa Kenny Rogers and The First Edition. Pa malonda zinathandiza, pakuti anthu amakumbukira msanga dzina la munthu kusiyana ndi la gulu. Koma taganizani inu munayambitsa chinthu limodzi ndi mnzanu, nyimbo mukupeka ndinu, kenako pa chikwangwani dzina la mnzanuyo lakwera pamwamba. Thelma Camacho anali atachoka kale kumapeto kwa 1968, m'malo mwake n'kulowa Mary Arnold. Settle naye anachoka mu 1969, n'kulowa Kin Vassy. Pa anthu anayi amene anatuluka limodzi ku New Christy Minstrels, pasanathe zaka zitatu panatsala awiri okha, Kenny ndi Terry.

Ngakhale zinali choncho, moto sunazime msanga. Kunatuluka "Reuben James", nkhani ya mlimi wachikuda wosauka amene analera mwana wachizungu yemwe aliyense anamukana, nyimbo yolimba mtima poganizira mmene tsankho linalili ku America nthawi imeneyo. Mu 1970 kunabwera "Something's Burning" ya Mac Davis, yomwe imayamba ngati kugunda kwa mtima n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka bandi yonse itaphulika. Chaka chomwecho anatulutsanso "Tell It All Brother" ndi "Heed the Call", zomwe zimamveka ngati za m'tchalitchi cha anthu akuda a kummwera kwa America, ndi kuomba m'manja komwe. Amene munakulira m'kwaya, ziwirizi zikugwirani msanga.

Nanga chinaipha bandi n'chiyani? Sipanakhale ndewu yaikulu yoti n'kuiloza ndi chala. Inatha ngati mtsinje wa m'chilimwe, pang'onopang'ono. Kuyambira 1971 mpaka 1973 anali ndi pulogalamu yawoyawo pa wailesi ya kanema yotchedwa Rollin' on the River, yomwe ankajambulira ku Toronto, m'dziko la Canada. Inawadziwitsa kwa anthu ambiri, koma nthawi yomweyo nyimbo zawo zatsopano zinasiya kukwera pa mindandanda. Mu 1972 anatulutsa chimbale chachikulu cha mbale ziwiri, The Ballad of Calico, chopekedwa ndi Michael Murphey ndi Larry Cansler, chofotokoza anthu a m'tauni ya migodi ya siliva ya Calico ku California yomwe inasanduka bwinja. Aliyense m'bandi anatenga mbali ya munthu wina wa m'tauniyo n'kumuimbira nyimbo yake. Kwa ine iyi ndi ntchito imene imaonetsa bwino kwambiri kuti First Edition inali gulu, osati munthu mmodzi ndi omuperekeza. Tsoka lake sichinagulidwe mokwanira, ndipo mpaka lero n'chovuta kuchipeza. Mukachipeza pa YouTube, musachedwe, mverani.

Atachoka ku Reprise anayamba kutulutsa zimbale pa kampani yawo ya Jolly Rogers. Apa m'pamene zinaonekera kuti bandi sikudziwanso njira yake. Chimbale cha Backroads chinapendekera ku country, cha Monumental chinapendekera ku rock yolemera. Mmene ndimaonera ine, okonda rock ankawaona ngati achikulire a pa kanema, pamene mawailesi a country sankawawerengera ngati awo. Tangoganizani, Ruby amene lero timamutenga ngati country yeniyeni sanapite patali pa mndandanda wa country mu 1969, anatchukira kwa omvera pop. Ku New Zealand ankawakondabe kwambiri ndipo ankapitako kukaimba, koma kwawo ku America malo oimbira ankacheperachepera. Kin Vassy anachoka, kunalowa Jimmy Hassell ndi Gene Lorenzo. Kenny anafika pomatsatsa maphunziro a gitala pa kanema kuti apeze ya sopo. Pofika 1976 bandi inali itatha. Mickey Jones anapita kukachita zisudzo za pa kanema ndipo zinamuyendera, Mary Arnold anadzakwatiwa ndi woimba Roger Miller, ndipo Kenny, ali ndi zaka 37 ndi ngongole pamutu, analowera ku Nashville.

Tsopano mulu wachiwiri, womwe ndi wa malume. Larry Butler anamutengera ku kampani ya United Artists pa nthawi imene ambiri ankati nyenyezi yake inagwa. Chimbale choyamba, Love Lifted Me cha 1976, chinangoyenda pang'ono. Mu 1977 kunabwera "Lucille", basi chitseko chinatseguka: nambala 1 pa country, nambala 1 ku Britain, ndi mphoto ya Grammy. Kenako "The Gambler" ya Don Schlitz mu 1978, "Coward of the County" mu 1979, komanso nyimbo zoimba awiri ndi Dottie West.

Apa ndivomere mosanyinyirika. Pa nkhani yokamba nthano m'nyimbo, mulu uwu ulibe mnzake. Butler anazindikira kuti chuma cha Kenny si kukweza mawu, koma kukamba nkhani ngati agogo pamoto, ndiye anachotsa chilichonse chimene chikanaphimba mawuwo. Chingerezi chake chimamveka liwu lililonse. Ndikhulupirira n'chifukwa chake nyimbozi zinakhazikika chonchi m'makomo mwathu: ngakhale amene sukulu sanapite nayo patali amatha kutsatira kuti mlimi uja wa mu Lucille mkazi wamuthawa nthawi ya mavuto ana ali aang'ono, kapena kuti mnyamata uja wa mu Coward of the County amene mudzi wonse unkamutcha wamantha ankasunga lonjezo kwa bambo ake. Ndi nkhani zoti zikhoza kuchitika kulikonse kumene anthu amalima ndi kukwatirana. Ngati mukufuna nyimbo za pa ulendo wautali, kapena zomvera Lamlungu masana banja lonse lili pakhonde, mulu uwu sungakukhumudwitseni. Kuyambira yoyamba mpaka yomaliza kakomedwe n'kamodzi, palibe yodzidzimutsa.

Koma kufanana komweko ndi kumene kumandichititsa kubwerera ku bandi. Ukamvera nyimbo khumi za nthawi ya Butler motsatizana, mayendedwe amakhala amodzimodzi, magitala amodzimodzi, oyankha amodzimodzi. Za First Edition sizitero. Ina ikhoza kukukwiyitsa, ina n'kukuliza, ina osaimvetsa n'komwe, chifukwa munali mitu isanu kapena isanu ndi umodzi ikukokana. Zolephera zilimo zambiri ndithu, sindikana. Pa zimbale zawo pali nyimbo zina zomwe zinakalamba moipa, zomveka kuti ankangothamangira fashoni ya chaka chimenecho. Koma pamene zawayendera, pamakhala moyo umene situdiyo ya akatswiri olembedwa ganyu singaupange.

Mlatho wa milu iwiriyi, womwenso ndi gwero la mkangano wanga ndi malume, ndi chimbale cha Ten Years of Gold cha 1978. Nyimbo zoyambirira za bandi zinali m'manja mwa Reprise, ndiye kuti United Artists izigulitse, Kenny anayenera kuzijambulanso. Mbali imodzi ya chimbalecho muli nyimbo zisanu za bandi zobwerezedwa, kuphatikizapo Ruby ndi Reuben James, mbali inayo muli zake za payekha. Zobwerezedwazi ndi zomwe zinalowa m'zimbale zambiri zosonkhanitsa nyimbo zake zimene zinadzatuluka pambuyo pake, n'kufika nazo pa makaseti amene makolo athu ankagula. Choncho ngati Ruby wanu munamudziwira pa kaseti yokhala ndi chithunzi cha Kenny wa ndevu za imvi, n'kutheka kwambiri kuti wa bandi simunamumvepo.

Mulu wachitatu sindikhalitsapo. Umayamba ndi "Lady" ya 1980, yopeka Lionel Richie, yomwe inakhala milungu 6 pa nambala 1, n'kupitirira ndi "Islands in the Stream" ya 1983, yopeka abale a Bee Gees, yomwe anaimba ndi Dolly Parton Kenny atasamukira ku kampani ya RCA. Ndi nyimbo zachikondi zosalala, piyano ndi zeze zachizungu zili thoo, zabwino pa ukwati akamalowa akwati kapena podula keke. Zinamulemeretsa ndi kumufikitsa kulikonse, mpaka mu 1985 anali m'gulu la oimba "We Are the World" yothandiza anthu a njala ku Ethiopia, ntchito imene Ken Kragen yemwe uja wa First Edition anathandiza kuikonza. Koma wofuna country apeza yochepa mmenemu. Ine ndimatengamo zitatu kapena zinayi, zotsalazo ndimazisiya.

Pa kapezedwe kake pali msampha umene ndikufuna muudziwe musanawononge bandulo. Mukangolemba "Kenny Rogers Ruby" pa YouTube kapena pa Spotify, zimabwera zosakanikirana: ya bandi, yobwereza, ndi zina zojambulidwa pa siteji. Lembani dzina lonse, Kenny Rogers and The First Edition, ndipo yang'anani chaka ndi chithunzi. Ngati pa chithunzi pali gulu la anthu, mkazi mmodzi pakati pawo, Kenny ndevu zili zakuda, mwafika. Msampha wina ndi wotembenuza. Pali zimbale zambiri zotchipa zomwe pachikuto anaikapo Kenny wachikulire yekha, koma m'kati muli nyimbo zakale za bandi, zina zoti wotsogolera si iye n'komwe. Munthu umagula ukuyembekezera Lucille, n'kumva mawu a mkazi kapena a mwamuna wina. Musataye, si zabodza ayi: ameneyo ndi Thelma, Mary, Terry kapena Settle. Kwa obena nyimbo ambiri zonsezi zimangokhala mu foda imodzi yolembedwa dzina la Kenny, ndiye apempheni akuseweretseni kaye musanalipire. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ikani Ruby onse awiri motsatizana mumve ndi makutu anu.

Ndiye muike uti? Ngati memori ndi ya munthu wamkulu amene akufuna kukumbukira masiku ake, musalimbane naye, mupatseni mulu wa Butler ndi Ten Years of Gold, chifukwa chimene akufuna si mbiri ya nyimbo koma fungo la nyumba imene ankamveramo. Ngati ndi ya pa ukwati, tengani pa mulu wachitatu. Koma ngati ndi yanu, inu amene mwamvera The Gambler mpaka kuiloweza ndipo mukuganiza kuti Kenny mwamumaliza, yambani ndi nyimbo za bandi za 1968 mpaka 1970 zomwe ndatchulazi, zonse zisanu ndi ziwiri, kenako musake Calico. Amene mumaimba m'mabandi kapena m'makwaya ndiye musaphonye n'komwe, mumvere mmene amagawanirana mawu ndi mmene Jones amagwirira nyimbo ndi ng'oma popanda kuchita phokoso.

Kenny analowetsedwa mu Country Music Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a country, mu 2013, anatsanzika ku Nashville mu Okutobala 2017, ndipo anamwalira pa 20 Malichi 2020 ali ndi zaka 81. Mickey Jones anali atatsogola kale mu 2018. Pa maliro a Kenny dziko lonse linkatchula The Gambler ndi Dolly, ndipo n'zoyenera. Chimene chinandiwawa n'chakuti maina a Settle, Thelma, Terry, Mary ndi Kin sanamveke kwenikweni, chonsecho anthu amenewa ndi omwe anayenda naye m'misewu zaka zonse zija akuphunzira kuima kutsogolo.

Memori ya malume ndinakaitenganso. Ndinaikamo mafoda awiri, ina ndinailemba "Kenny wa kaseti", inayo "Kenny wa bandi". Sabata yatha nditapita kukawaona ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusenda chimanga, kawailesi kali pambali. Ruby akumverabe wawo yemwe uja, ndipo "Just Dropped In" akuti ndiichotsemo chifukwa ikuwapweteka mutu. Koma imene inkalira nditafika inali Reuben James wa 1969, ndipo itatha anaibwezanso poyambira, n'kundifunsa kuti, "Kodi mphwanga, mayi akuyankha kumbuyoyu dzina lake ndani?"